Nthiti M'kamwa mwa Ezelina

Ezelina adatsika basi ya ku Lusaka pa Nyimba dzuwa lili paliwombo, atadzikulunga duku kuyambira pamphuno mpaka m'khosi. Amayi ogulitsa nthochi adathamangira kumawindo a basi monga mwa masiku onse, koma awiri atatu atamuzindikira adaima, malichero ali pamutu, n'kuyamba kunong'onezana. Atate ake, a Julio, adatsitsa chikwama ndi kandowa ka pulasitiki kamene kadawatumikira miyezi inayi kuchipatala.

Kwao kunali kutsogolo, kudera la Petauke, kumene a Julio adakhazikika atathawa nkhondo ya ku Mozambique. Mkazi wawo adafera m'njira, Ezelina ali wa zaka khumi. Pa Nyimba adatsikirapo chifukwa cha munthu m'modzi: Febian, mnyamata wa kwa Mwape, amene adamufunsira mbeta chaka chatha, tsaya lisanayambe kutupa.

Febian adali ataima pansi pa mtengo wa mango, atagwira njinga. Adawomba m'manja kulonjera a Julio, kenako adatembenukira kwa mtsikanayo.

"Wabwelako, Eze?"

Ezelina adafuna kutchula dzina lake. Adali ataliyeserera milungu itatu pagalasi la kubafa ya m'wodi. Koma mlomo wam'munsi sunkamva kanthu, ndipo lilime linkalemera ngati la munthu wina.

"Hebian," adatero.

A Julio adati akafunse za minibasi ya ku Petauke, napita osacheuka. Awiriwo adazungulira kuseri kwa sitolo, kumene kunalibe maso.

"Chotsa duku ndikuone."

"Udzathawa."

"Ndapalasa njinga kuyambila m'mawa kuti ndidzathawe? Chotsa."

Matendawo adayamba ngati dzino lobooka. Pomwe ankafika ku Lusaka n'kuti chotupa chitadya fupa la nsagwada yam'munsi, kuchokera pachibwano mpaka pafupi ndi khutu lakumanzere. Madokotala adalidula fupalo pamodzi ndi mano asanu ndi awiri. M'malo mwake adaikamo nthiti yake yomwe, yochotsedwa m'mbali yakumanja, naimanga ndi timawaya. Dzenje lotsala m'kamwa adalitseka ndi mnofu ndi khungu zapachifuwa, pamwamba pa bere, atazidutsitsa kunsi kwa khungu la pakhosi. Opaleshoniyo idadya tsiku lathunthu.

Ezelina adamasula duku. Tsaya lidali litaphwa. Chipsera chidatsika kuchokera pamlomo, kudutsa pachibwano, n'kukhotera kukhutu. Malovu adatsetsereka iye osadziwa.

Febian adayang'ana nthawi yaitali. Kenako adatulutsa kampango m'thumba namupukuta pachibwano.

"Ndiwe yemwe uja," adatero. Mawu ake adali ofewa.

*

Asanakulungenso duku, adamva mawu kumbuyo kwawo.

"Mayo ine, mnzanga wabwela! Ndipo mwabisala kuno ngati akuba!"

Adali Doris. Iyeyu ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Nyimba, ndipo chiyambire pomwe boma lidatsegula malonda ankapita ku Lusaka kawiri pamwezi kukatenga mabelo a zovala. Ndiye ankanyamula makalata a Febian kupita nawo kuchipatala. Adamuona Ezelina ali ndi paipi m'mphuno, mano omangidwa ndi waya, akulemba pakapepala chilichonse chomwe ankafuna kunena. Amake Doris ndi amake Febian ankakhala pabenchi imodzi kutchalitchi, ndipo panalibe wosadziwa kuti amayi awiriwo kale ankalota zodzakhala pachibale.

Doris adamukumbatira Ezelina, mafuta ake onunkhira n'kudzaza m'mphuno.

"Waoneka bwino, mwandi. Kusiyana ndi muja ndinakuonela! Febian, ukanamuona tsiku lija, sukanadya sabata yonse." Adaseka, nagwira phewa la Febian. "Koma madokotala ndi mfiti, ati. Munthu kumupatsa fupa lina, n'kumayenda nalo."

"Ndi langa," adatero Ezelina. Mawuwo adatuluka ophwanyika.

"Ati chani?"

"Akuti ndi lake," adayankha Febian mwachangu.

"Ee, inde, lake," adatero Doris, akumwetulira. "Tsopano ndi lake kumene."

Minibasi idaliza hutala. Ezelina adakwera, nakhala chakuwindo. Galimoto ikunyamuka adaona Doris akuchotsa kachinthu pakolala ya shati ya Febian, ndipo Febian sadasunthe.

*

Kunyumba a Julio adasanduka mayi. M'mawa uliwonse ankaphika phala lamadzimadzi, masana ankakanya mbatata ndi nthochi mpaka zisalale, n'kumupatsa mwana wawo ndi kasupuni kakang'ono. Mawu a dokotala adawasunga pamtima ngati malamulo khumi: miyezi isanu ndi umodzi osatafuna cholimba chilichonse, kufikira nthiti italumikizana ndi fupa lakale.

"Fupa lili ngati mtengo wowokela," ankatero. "Ukaugwedeza usanagwile, wauma."

Milungu iwiri idatha popanda mawu ochokera kwa Mwape. Ezelina ankakhala pakhonde kuyang'ana njira. Anzake a m'kwaya adabwera kamodzi, adaimba nyimbo ziwiri, iye akungosuntha mutu. Sadabwerenso.

Tsiku lina kondakitala wa minibasi adasiya kalata pachigayo. Ezelina adakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe.

"Wokondedwa Eze, ndachedwa kulemba chifukwa ndimasowa poyambila. Kuno kwamveka nkhani yoti fupa limene lili m'kamwa mwako anachotsa kwa munthu wakufa ku mochale, mwamuna wa ngozi ya pamsewu. Akuti ndikakukwatila ndilowetsa chiwanda m'nyumba. Akutinso bele lako analidula, sudzayamwitsa. Ndawauza amai kuti ndi bodza, koma akuti mawu a mwamuna wokonda sakhala umboni. Afuna akuone okha, iwo ndi azakhali anga a Rosemary. Ndikudziwa kuti ndi zamanyazi. Koma ukakana, adzati ndi zoona. Bwela Lachiwili, ndidzakudikila pa Nyimba. Ndawauza kuti unachililatu, monga unandilembela. Wako, Febian."

Ezelina adakhala pansi. Inde, adalemba zimenezo. M'kalata yake yomaliza kuchipatala adati wachiriratu, akudya chilichonse. Adalemba chifukwa m'wodi momwemo adaona mayi wina akudikira mwamuna amene sadabwerenso.

Madzulo adawawerengera atate ake theka la kalatayo. A Julio adaika pansi chingwe chomwe ankapota.

"Akuvule ngati mbuzi ya pamsika? Ine ndinagona pasimenti miyezi inayi, ndinaona ndi maso anga akukutulutsa m'chipinda chija uli ngati mtembo. Ndiye wina akuti fupa la ku mochale! Supita."

"Atate, ndikapanda kupita..."

"Ukapanda kupita ukhala pano, udya, uchila. Mwamuna amene alephela kukuimila pamaso pa amake, adzakuimila pamaso pa ndani?"

Funsolo Ezelina adali atadzifunsa kale. Koma adadziwanso china chimene atate ake sankafuna kuchitchula: kuti ndi nkhope imeneyi, Febian akapita, pakhomo pano sipadzaimanso njinga ya mwamuna wina.

Lachiwiri m'mawa, a Julio ali kudimba, adavala diresi lake labuluu, nakulunga duku, n'kutuluka.

*

Kwa Mwape adafika masana, atakwera pakaliyala ya njinga ya Febian. Njira yonse mnyamatayo ankangolankhula za thonje, za mvula, za misonkhano ya zipani imene idadzaza m'midzi. Za kumene ankapita sadatchuleko.

Pabwalo adapeza Doris atakhala pampando, akusenda nzimbe ndi mpeni.

"Ndabweletsela amai madilesi," adatero asanafunsidwe.

Febian adauzidwa kuti apite kwa amalume ake. Adamuyang'ana Ezelina kamodzi, nakankha njinga n'kumapita.

M'nyumba munali amake Febian, mayi wamtali wa maso otopa, ndi a Rosemary, amene adatseka chitseko n'kutsegula windo kuti kuwale. Ezelina adagwada, nalonjera. Adachita kubwereza kawiri kuti amumve.

"Musatione ngati anthu oipa, amai," adayamba amake Febian. "Ndinabeleka ana asanu, anayi ndinaika m'manda. Watsala yekhayu. Zimene ndamva sizinandigonetse. Vulani tione."

Ezelina adamasula duku. Adamasula mabatani. Adayang'ana kudenga, kumene kangaude ankaluka, ndipo adaganiza za amayi ake, kuti akadakhalapo bwenzi ataima pakhomopo.

Zala zozizira zidayenda pachipsera cha pachifuwa. A Rosemary adanyamula bere, nalifinya pang'ono.

"Lilipo lonse. Langokwela pang'ono. Ili liyamwitsa."

"Nanga fupa?"

Ezelina adakweza mkono wakumanja, nawaonetsa chipsera china m'mbali. Amake Febian adaika chala, n'kuyamba kutsika nacho nthiti imodzi imodzi. Chala chidafika pena n'kumira m'kadzenje kofewa. Adakanikizanso. Adachotsa dzanja msanga ngati apsa.

"Palibe," adanong'ona. "Mulamu, gwilani apa. Anachotsadi pomwepa."

A Rosemary adagwira, napukusa mutu. "Mwana uyu waona zinthu."

Amake Febian adatenga diresi namuveka okha, namumangira mabatani. Maso awo adali atanyowa. Kwa nthawi yoyamba chichokere ku Lusaka, Ezelina adamva mtima ukutsika m'malo mwake.

Adatuluka nakhala pamkeka. Apo m'pamene Doris adayandikira ndi mbale ya nzimbe zosenda, zodula bwino, nagwada mwaulemu.

"Mlendo asabwelele kukamwa kouma, amai."

Ezelina adamuyang'ana. Doris adalipo m'wodi tsiku lomwe dokotala ankanena za miyezi isanu ndi umodzi. Adali atakhala kumiyendo kwa bedi, akusenda lalanje.

"Zikomo, ndakhuta," adatero Ezelina.

"Wakhuta chani, poti sunadye?" adafunsa Doris. "Kapena sutafuna? Pepa mnzanga, ine ndimayesa unachila. Febian anati unachililatu."

Amake Febian adatembenuka. Nkhope idayambanso kuuma.

"Simutafuna?"

"Ndimatafuna, amai."

"Chifukwa mwana akayamba kudya, amake ndiwo amamutafunila. Nyama, nshawa, chimanga. Mkazi wongomwa phala moyo wake wonse, mwana adzamulela bwanji? Ndiuzeni zoona. Bodza limodzi ndalitaya lelo, sindifuna kutola lina."

Ezelina akadatha kunena kuti kwatsala miyezi yowerengeka yokha. Mawuwo adali pamlomo. Koma adali ambiri, ndipo adadziwa momwe akadatulukira: opindika, amalovu, ofuna womasulira. Kenako bwenzi atafunsidwa chifukwa chake adanamiza Febian. Maso a anthu atatu onsewo adali pa iye.

Adatola nzimbe. Adaiika kumanja, kumene mano adatsala. Adaluma pang'onopang'ono, madzi otsekemera n'kudzaza m'kamwa. Palibe chidachitika. Adatafuna kachiwiri, kachitatu, nalavula zitsotso m'dzanja.

"Onani!" adatero a Rosemary, akuwomba m'manja.

"Kamodzi ndi mwayi," adatero Doris, akuseka, namusankhira ina ya pamfundo.

Ezelina adaluma. Mkati mwa khutu lakumanzere mudamveka thwa! ngati kamtengo kouma kothyoka patali. Palibe wina adamva. Ululu udabwera pambuyo pake, udakwera m'mutu n'kutsikira m'khosi, bwalo lonse lidachita mdima. Adameza madzi a nzimbe pamodzi ndi magazi. Adalavulira zitsotso m'dzanja nalifumbata kuti asaone kufiira kwake. Adakweza duku.

"Basi, ndaona," adatero amake Febian. "Mukapeleke moni kwa atate anu."

*

Pobwerera, dzenje lililonse la mumsewu linkamubaya ngati mkondo. Febian ankaimba mluzu.

"Azakhali andinong'oneza kuti zayenda bwino. Bwanji uli chete, Eze?"

Ezelina adangomugwira m'chiuno, natsamira mutu pamsana pake. Febian adayesa kuti n'chikondi.

Kunyumba a Julio sadamukalipire. Adangomuyang'ana, namuikira phala patsogolo. Iye adati watopa, nakagona. M'mawa mwake mano akumanja sankakumananso, chibwano chidali chitapendekera kumanzere. Lachinayi tsaya lidatupa, lidatentha, ndipo m'kamwa mudayamba kumveka kafungo kamene adakadziwa bwino kuchokera m'wodi. Duku sankalichotsanso ngakhale pamaso pa atate ake. Ankati ndi mphepo.

Tsiku lomwelo kudabwera kakalata ka mizere iwiri: "Tikumane pa boma pa Petauke mawa masana, pasiteshoni ya mabasi. Ndili ndi nkhani yabwino."

*

Lachisanu adalawira, nayamba wapita kuchipatala cha pa Petauke. Adaima pamzere mpaka dzuwa litakwera. Womuona adali a Daka, bambo wachikulire wa magalasi okhuthala. Adawerenga khadi la ku Lusaka, namutumiza kukajambulidwa. Chithunzi chitabwera adachikweza kuwindo, nachiyang'anitsitsa.

"Munagwa?"

Ezelina adapukusa mutu.

"Anakumenyani?"

"Nzimbe."

A Daka adavula magalasi.

"Onani apa, amai. Nthiti yathyoka pomwe inalumikizidwa, waya wamasuka, ndipo mafinya ayamba. Ife kuno tingakupatseni jekeseni ndi mapilitsi, koma kumanga sitingathe. Mubwelele kwa amene anakupangani opaleshoni. Sabata ino isathe."

"Ndikachedwa?"

"Fupa lowokela likalowa mafinya limafa. Likafa amalichotsa. Nkhope imagwa mbali imodzi, ndipo sindingakulonjezeni kuti adzayesanso kachiwili. Mwina mnofu wa pachifuwa uja n'kuwonongekanso. Mwamva? Osati sabata ya mawa. Ino."

Adalemba kalata, naidinda, naiika mu envulopu. Ezelina adatuluka atainyamula ndi manja awiri.

*

Febian adamuona ali patali, nathamanga, kusiya njinga itagwa.

"Eze! Amai avomela! Ankhoswe abwela kwanu Lamulungu likudzali. Abusa akuti alengeza kutchalitchi masabata atatu, sabata yachinayi ukwati. Amai akuti tichite msanga anthu asanayambenso kulankhula. Ndipo ukudziwa? Akuuza aliyense za nzimbe ija. Akuti mpongozi wanga amatafuna pamfundo!"

Adaseka, koma kuseka kudazima ataona maso ake. Ezelina adamupatsa envulopu. Adatsitsa duku pang'ono kuti aone tsaya.

Febian adawerenga. Zachizungu cha madokotala sadazimve zonse, koma mawu a pansi, olembedwa ndi zilembo zazikulu n'kudulidwa mzere, adawamva. Adakhala pamwala. Ezelina adamufotokozera zonse, liwu limodzi limodzi, akupuma pakati chifukwa cha ululu: za miyezi isanu ndi umodzi, za bodza la m'kalata, za Doris ndi mbale yake.

"Unandinamiza," adatero Febian motsitsa.

"Ndinkaopa."

"Ndipo ine ndinakaima pamaso pa amai, n'kulumbila."

"Ndipelekeze ku Lusaka, Hebian. Atate sindinawauze. Ndiwauza bwanji ndekha?"

Febian adagwira mutu ndi manja onse awiri. Pafupi nawo kondakitala ankakuwa, akumenya chitseko cha basi: "Lusaka! Lusaka! Anthu awili atsala!"

"Ukapita, ukakhalako nthawi yaitali bwanji?"

"Sindidziwa. Mwezi. Miyezi."

"Ndiye kuti amai adziwa. Doris adziwa. Adzati fupa lija lakana chifukwa si lako. Zonse zimene unapilila m'nyumba muja zipita pachabe." Adaimirira, namuyandikira, mawu ake n'kukhala ofulumira. "Tamvela, Eze. Masabata anayi okha. Mapilitsi akupatsa, si choncho? Uzimwa. Duku anthu analizolowela kale. Tikangotuluka m'tchalitchi, tsiku lomwelo ndikukweza basi, ndipo palibe angatilekanitse. Madokotala amakonda kuopseza."

"Akuti sabata ino."

"Nanga ine ndikutaye chifukwa cha sabata?"

Misozi idali m'maso mwake, ndipo Ezelina adaona kuti mnyamatayo akunenadi za chikondi, kuti umu ndi momwe chikondi chake chidathera kukula. Ezelina adatambasula dzanja kuti Febian amubwezere kalatayo.

Febian adaipinda kawiri, naiika m'thumba la shati yake, namanga batani. Kenako adagwira dzanja lotambasulalo ndi manja ake onse awiri, nalifinya mwachikondi.

Kumbuyo kwawo chitseko cha basi chidatsekedwa, ndipo idanyamuka.